Khoma lofiira la agogo ku Barking

Fungo la laimu wonyowa likangondipeza, ndimawaona agogo anga aNabanda atagwada m'kachipinda kawo ku Barking, kuno kutsidya la nyanja, chitenje atamanga pamwamba pa majuzi awiri, akukulungiza khoma ndi mwala. Amayi adawaitanitsa kuchokera ku Dedza kuti azindilera iwo akakhala ku ntchito kuchipatala. Ndinali ndi zaka khumi. Chaka choyamba chonse agogo ankangokhala pawindo, n'kumadandaula kuti makoma oyera a fulati yathu ya lendi ankawakumbutsa wodi ya odwala.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la a Hassan, bambo wachikulire wa ku Morocco amene kale anali mmisiri wa pulasitala. Tsiku lina ine ndi agogo tidawaperekera kalata yawo yomwe idasochera kwathu. M'nyumba mwawo, yomwe inali yogula, munalibe sofa koma mipando yaifupi yotsamira khoma, mapilo ambirimbiri, ndi nyale yamkuwa yoboolaboola yomwaza timadontho ta kuwala mpaka kudenga. Agogo sadasamale zonsezo. Adalunjika pakhoma, lofiirira ndi losalala ngati mtsuko, n'kumalisisita. A Hassan adawaonetsa mwala umene ankakulungizira laimu asanapake sopo wakuda wa maolivi.

"Iii, nkhulungo!" agogo adafuula. "Mwanawe, awatu amazira ngati kwathu!"

Chinenero sankamvana, koma kwa milungu iwiri adazira khoma limodzi la chipinda cha agogo. A Hassan ankapaka laimu wosakaniza ndi utoto wofiira, agogo n'kumazunguliza mwala mpaka khoma kunyezimira, uku akuimba nyimbo za kwaya zomwe ndinali ndisanawamvepo akuimba. "Nyumba yosaikhudza ndi manja ako ndi ya eni," ankatero.

Amayi adagwira mutu ataliona. "Amama, nyumba ino ndi ya landlord. Akabwera kudzayendera nyumba pa inspection tiziti chiyani?"

Adabweradi, mayi wina wa suti wotumidwa ndi eni nyumba, amayi ali ku ntchito. Mayiyo adaima pakhomo la chipindacho n'kuyamba kulemba. Agogo adandikoka mkono. "Muuze kuti silinawonongeke, laziridwa. Muuze alikhudze yekha aone."

Ndidawayang'ana agogo, opanda nsapato, zala zitang'ambika ndi laimu, ndipo manyazi adandigwira. Ndidamuuza mayiyo m'Chingerezi kuti atikhululukire, agogo ndi okalamba, mutu sukuyenda bwino, tikonza. Iye adagwedeza mutu mwachisoni. Agogo adamwetulira, poganiza kuti ndawayankhulira.

Kalata idabwera yoti khoma libwerere mwakale, apo ayi tisamuke. Penti sagwira pa sopo, ndiye amayi adachita kulipala ndi chitsulo Loweruka lonse, misozi ili mbwembwembwe. A Hassan adasuzumira pakhomo n'kubwerera. Agogo adakhala pabedi, mwala uli pamiyendo, fumbi lofiira likuwagwera pamapazi.

"Udamuuza zija?" adandifunsa.

"Eya, ndidamuuza."

"Basi. Ndiye kuti manja angawa ndi amene atha ntchito."

Adabwerera pawindo paja, kuimba kudathera pomwepo. Chaka chisanathe adapempha kubwerera ku Dedza, ndipo adamwalira ndisanalimbe mtima wowauza zoona.

Lero ndimagwira ntchito m'sitolo ya zokongoletsera nyumba ku Ilford. Timagulitsa nyale zoboolaboola ndi mapepala omata pakhoma ojambulidwa kuti azioneka ngati khoma lija, ndipo ogula amawasisita n'kumati ndi okongola. Ine mtima umandiwawa. Fulati yanga ndi ya lendi, makoma ndi oyera, sindinakhomepo ngakhale msomali. Mwala uja agogo adausiya, ndipo ndili nawo m'dirowa. Nthawi zina ndimautulutsa n'kuuuza zimene ndidanenadi tsiku lija, poti mwini wake adapita akuimba mlandu manja ake.