Atelala ndi Mchere wa M'jekete

Chiwavulazireni impso matenda a korona, atelala okalamba a pakona amalalikira za mchere kuposa abusa. Kasitomala asanamuyeze m'chiuno, amayamba amuchenjeza: "Chepetsa mchere, mwanawe. Impso zilibe chigamba."

Tsiku lina atelalawo akukonzekera kukayezetsa magazi, akazi awo anapeza mchere wokulunga m'kapepala m'thumba la jekete.

"Abambo, n'chiyani ichi? Mukufuna makina osefa magazi amene adokotala ananena aja?"

Atelala anakanda dazi. "Ndimangouyang'ana, amayi, kuti ndisaiwale nkhope ya mdani."

Mayiwo sanaseke, misozi inalengeza m'maso. Atelala anakakhuthulira okha mcherewo m'sinki.

"Tiyeni limodzi," anatero akuvala jeketeyo, "mukandineneze nokha kwa adokotala."