Anayezetsa Dothi la Pachulu

Chaka chachiwiri cha umasiye wawo, Make Mapasa anaima m'munda misozi ili chuchuchu. Chimanga chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo, chonsecho feteleza anathira. Alamu awo, akulu ake a malemu amuna awo, anali atanena kale: "Mlamu, mundawu wakukanikani. Zikabwerezanso, tiupereka kwa wina."

Mlangizi wa zaulimi atawauza kuti ayezetse dothi, anavomera. Koma poti akumbe, manyazi anawagwira. Dothi la pakati pa munda linali lotuwa, louma gwa. Anthu ophunzira akaone limenelo? Anapita pachulu cha kumalire, pamene mbewu zimakondwa, n'kutapa lakuda bii. Musawaseke. Tonsefe mlendo akabwera timatulutsa mbale yosabenthuka.

Zotsatira zinati dothi lili bwino zedi. Mlangizi anayang'ana pepala, n'kuyang'ana chimanga chija.

"Mayi, dothi lija munatapa pati?"

Analoza chulu, nkhope ili pansi.

"Aa, mayi! Ndiye kuti kuchipatala mwapita ndi wathanzi, wodwala mwamusiya pamphasa."

Mawuwo anawalasa mtima, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anauyendanso munda wonse mokhotakhota, akukumba apa ndi apo mpaka khasu lonse kulowa, kupewa chulu ndi paphulusa. Anasakaniza dothilo m'ndowa yotsuka, n'kutumiza lotuwa lomwelo.

Zotsatira zachiwirizi zinali zoipa, ndipo mlangizi sanabise. "Dothi lanu lachuluka asidi. Feteleza mumathira uja mizu imalephera kudya. Pakufunika laimu wochepetsa asidiyo, ndi manyowa."

Chodabwitsa n'chakuti mtima wawo unapepuka. Nthawi yonseyi ankadziyesa watsoka, wa manja ouma. Tsopano matenda anali ndi dzina.

Anamwaza laimu mvula isanagwe. Manyowa ankatola m'makola a anzawo, kusenza pamutu mpaka khosi kuuma. Ena ankawanena kuti umasiye wawasokoneza mutu.

Chimanga cha chaka chimenecho sichinali choti anthu n'kuimirira pamsewu, koma chinabereka, ana anadya mpaka kukolola kwina. Alamu aja anazungulira munda, manja kumbuyo. Potsiriza anakhosomola.

"Limani, mlamu. Munda ndi wanu."

Inu amene zikukuvutani, kodi mwaonetsa pati? Ambirife timafuna thandizo, koma timapereka mbali yathu yokongola, kenako n'kumadabwa kuti mankhwala sakugwira. Kumbani pamene pakukana pomwepo, mukaonetse odziwa. Choonadi chimawawa tsiku limodzi, manyazi amagonetsa ndi njala chaka chonse. Musataye mtima, ndipo musabise potuwa.