Zala za amayi pakhoma lakuseri

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano ndinawaikira ana kanema wa nyama pafoni, bambo nawonso anasendera pafupi. Munali tinyama takunja tonga ntchenzi, amati mabiva, timene timatseka mtsinje ndi mitengo ndi matope. Bambo anafunsa ngati timadyedwa, tonse kuseka.

Kenako madzi anakokolola zonse, tinyamato n'kuyambiranso kumata ndi timanja tawo. Ataona zimenezo, bambo anati, "Ndi mmene tinkachitira ndi mayi anu titabwerera kuno ku Milange kuchokera kukampu ya othawa nkhondo. Ine kudula mitengo, iwo kumata. Zala zawo zikadalipo pakhoma lakuseri."

Abale, nyumba yake ndi ija amisiri anayamba kugwetsa dzulo kuti timange yanjerwa. Ndinathamangirako. Latsala khoma limodzi, ndipo zalazo zilipodi, mpaka chapakati chokhota chija cha malemu amayi. Ndaikapo dzanja langa, misozi osaigwira. Tinagwirizana zogwetsazi pagulu pompano, koma palibe anawafunsa bambo.

Amisiri abweranso mawa. Achimwene, achemwali, ndiwauze alisiye khomalo? Amene akufuna ligwe abwere adzaligwetse yekha, bambo akuona.