Nyengo Imene Tinkazungulira Kaphiri

Masitepe a nyumba yathu ku Govanhill, kutsidya kwa nyanja, ankanunkha majasi onyowa ndi mankhwala okolopera, koma ukafika pakhomo la Mayi Kamala fungo linkasanduka la lubani. Mayiwa anali amasiye ochokera ku Nepal, ndipo ankakhala pansi pa fulati yathu. Ine ndinkakhala ndi agogo chimwalirireni mayi anga. Ndinali mwana wosalankhulalankhula, woti akuluakulu ankaiwala kuti ndili m'chipinda.

Inali nyengo imene masamba amayoyoka n'kumamatirira kunsapato, mdima n'kumagwa titangoweruka kusukulu. Tsiku lina ndinapeza chitseko cha Mayi Kamala chili chotsekula, ndipo ndinaima n'kumayang'ana chithunzi chapakhoma: phiri lakuda m'munsi, loyera mbee pamwamba, lili lokhalokha. Anandiuza kuti limenelo ndi Kailash, ku Tibet. Ahindu amati pamwamba pake pamakhala mulungu wawo Shiva, Abuda nawonso amalilemekeza, ndipo palibe amalikwera. Munthu amangolizungulira wapansi, phirilo lili kudzanja lamanja, ndipo pamalo ena panjirayo anthu amasiya kachovala kapena tsitsi pokumbukira akufa. Amuna a mayiwa anamwalira asanawaperekeze kumeneko, ndipo tsopano mawondo awo anali atatha.

Choncho Loweruka lililonse ankazungulira kaphiri ka mu Queen's Park, ine n'kuyamba kuwatsatira. Anthu ena onse ankathamangira pamwamba, pamtengo wa mbendera, kukajambula mzinda. Ife tinkadzera m'munsi, m'matope, kudutsa padziwe la abakha, iwo akung'ung'udza mapemphero awo, ine ndili duu. M'thumba la jasi ndinkafumbata mpango wobiriwira wa mayi anga, umene ndinautenga m'sutikesi ya pansi pa bedi. Mayi Kamala sanandiuzepo kuti ndilimbe mtima ngati mmene ankachitira akumpingo, ndipo n'chifukwa chake ndinkabwererako.

Amene anationa ndi Mayi Chirwa, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu. Lamlungu lake mapemphero atatha, muholo yonunkha tiyi ndi fumbi la mahita, anatiimika ine ndi agogo pamaso pa amayi onse. Anati ndayamba kupembedza mafano, ndipo ngati sindilonjeza kusiya, agogo avule duku loyera la gulu la amayiwo mpaka nyumba yawo itakonzeka. Duku limenelo agogo ankalisita ndi manja awo sabata iliyonse. M'dziko lozizirali, amayi amenewo ndiwo anali abale awo.

"Tadala, lonjeza pompano," anatero Mayi Chirwa. "Pakamwa uli napo, eti? Kapena pamatseguka pa Chingerezi pokha?"

Ena anaseka. Ndinayang'ana nsapato zawo zonyezimira, koma mawu anatuluka m'Chichewa, omveka mpaka kukhomo.

"Sindilonjeza. Loweruka ndipitanso."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kudikira kuti andikoke khutu. M'malo mwake anamasula duku lija, kulipinda bwinobwino, n'kuliika patebulo pakati pa makapu.

"Mayi Chirwa," anatero, "inu ndi ine tinakulira patsinde pa Mulanje. Ndani wa ife anakwerako ku Sapitwa? Si tonse tinkaopa? Nanga Lamlungu sitinkayimba kwaya?"

"Zimenezo n'zachikale, agogo."

"Wachikaleyo ndine. Tiye, Tadala."

M'basi sanandilankhule, ngakhale madzulo ake. Sabata yonse foni yawo, imene inkalira kosalekeza ndi nkhani za maliro ndi maukwati akumudzi, inakhala chete pawindo. Ndinkawamva akutsuka mbale zotsuka kale. Ndinkadziwa kuti ndawalanditsa anzawo, komabe sindinapepese, ndipo iwo sanandiuze kuti nditero.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Nditatsegula chitseko mwakachetechete, ndinapeza agogo ataima pamasitepe, atavala jasi ndi nsapato za mphira, ambulera ili m'manja.

"Ukawauze anzakowo asandiyese wawo," anatero. "Iwo apemphere zawo, ine ndiyimba zanga."

Anayimbadi. Tinazungulira kaphiriko atatu, Mayi Kamala akung'ung'udza mbali iyi, agogo akukweza nyimbo yakutchalitchi mbali inayo, mpaka agalu a anthu ankatembenuka. Titafika pansi pa mitengo ikuluikulu, agogo anaona nsonga yobiriwira itatulukira m'thumba mwanga. Nyimbo inaduka. Anangogwira nsongayo, ine nditagwira inayo, ndipo tinamaliza ulendowo chomwecho, mpango uli pakati pathu. Duku loyera sanalivalenso mpaka maluwa achikasu atatuluka m'pakimo, ndipo ngakhale pamenepo Loweruka lathu sanalisiye.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti agogo ankabwera kudzandilondera, kuopa kuti ndingatembenukire kwa Shiva. Lero ndimakumbukira kuti m'nyumba mwathu dzina la mwana wawo, mayi anga aja, silinkatchulidwa, ngakhale tsiku limodzi. Nawonso anali ndi phiri lawo losakwereka, ndipo anali atalizungulira okhaokha kuyambira tsiku la maliro.