Nkhope ya Bambo a Ivy

Tabeth amalima mtedza kwa Mavwere, pamunda umene ankalima ndi mwamuna wake Eneya. Eneyayo anawoloka malire chaka cha chilala, mwana wawo Ivy akadali kumsana. Anati akukagwira utenanti ku Zambia, abwerako fodya akagulitsidwa. Fodya anagulitsidwa, mvula inabwera n'kupita, munthu osaoneka.

Chithunzi chake chinalipo chimodzi chokha, cha tsiku la ukwati. Tabeth anapita nacho kuboda, n'kuchipereka kwa dalaivala wa thiraki amene analonjeza kuti azikachionetsa m'misika ya kutsidyako. Dalaivalayo sanamuonenso.

Ivy anakula mpaka kufika kusekondale. Chaka china m'nyengo yachisanu, mtedza uli padzuwa, anamva kuti wailesi ina imawerenga nkhani zolemba ana asukulu, ndipo imamveka mpaka ku Chipata. Anaganiza zolemba za bambo ake, kuti mwina wina kumeneko angawazindikire.

"Aphunzitsi akuti nkhope m'nkhani si yofunika, ati womvera amadzijambulira yekha," anatero Ivy akuthothola mtedza ndi mayi ake. "Koma ine ndikufuna nkhope yeniyeni. Ankaoneka bwanji, amayi?"

"Anali wamtali."

"Kuposa ndani?"

 Tabeth ankakumbukira mmene Eneya ankakutumulira dothi ku mtedza pomenyetsa pabondo. Ankakumbukira kachifuwa kake ka m'chigafa cha fodya. Koma nkhope inali ngati dambo m'mamawa wa Juni, nkhungu yokhayokha.

"Anali ndi chipsera patsaya," anatero pomaliza.

"Tsaya liti?"

"Iwe, kafunse azakhali ako."

Azakhaliwo, a Felista, anaseka mpaka kuomba m'manja. "Chipsera chinali cha Laston, mng'ono wa bambo ako! Alamu akalamba basi. Achimwene anali osalala ngati dzira, ndi kampata m'mano."

Ivy anabwera ndi mawuwo kwa mayi ake. Kampatako Tabeth sankakakumbukira. Anakafunafuna m'mutu mwake tsiku lonse akupeta, osakapeza.

Choncho Ivy analemba nkhani yopanda nkhope. Inawerengedwa Lamulungu masana, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa makoko pabwalo. Amayi a m'mudzimo anadzaza khonde la Tabeth, wailesi ili pakati. Anamva za munthu wokutumula mtedza pabondo, wotsokomola, amene anawoloka malire nati abwerako fodya akagulitsidwa.

Itatha, a Stelia oyandikana nawo nyumba anali akupukuta misozi ndi chitenje. "Amenewo ndi amuna anga. Mwana iwe, wawadziwira kuti?"

"Ayi, anzanga, ndi achimwene anga enieni," anatero mayi wina. "Ngakhale chifuwacho."

"Ndi bambo anga," anatero Ivy chapansipansi, koma amayiwo anali atayamba kale kulimbirana munthu wa m'nkhaniyo.

Kuchokera kutsidya sikunabwere uthenga.

Mvula yoyamba itagwa, Tabeth anadzala mtedza m'munda wake wa m'mbali mwa msewu. Zaka zonsezi ankati akamva njinga yochokera kumalire, ankaweramuka n'kumuyang'anitsitsa wokwerapo. Chaka chimenecho analeka. Njinga zinkadutsa, ena ankamupatsa moni, iye ankayankha ali chiweramire. Ngakhale Eneya akanadutsa pamenepo, Tabeth akanamudziwira chiyani?