Kanyimbo ka Alamu Anga mu Filimu

Ine ndine wa pamtondo, ine. Sukulu ndinangoisuzumira pazenera, koma nyimbo ndimapeka, ndipo ikakumata siichoka.

Amuna anga atamwalira, mlongo wawo anandilanda dimba la kumtsinje. Dimba lolima ine, mpanda womanga ine! Ndinagwada: "Alamu, nanga ana adya chiyani?" Iwo n'kuloza mwana wanga woyamba, amene ankangokhalira kuliza banjo ya chigubu. "Uyu si woimba? Muzidya nyimbo."

Ndinapita pamtondo. Musi du, musi du, mawu n'kubwera okha: "Tomato wa misozi ya eni, akoma kodi, akoma?" Dzina sindinatchule, pamtondo satchula dzina, koma amayi onse m'mudzi anaigwira, ndipo mwini wake anamudziwa.

Mnyamatayo anapita ku tchalitchi cha ku Kapata kukaliza kiyibodi ya kwaya, kenako ku Lusaka, kumene anayamba ntchito yoika nyimbo m'mafilimu. Titangotuluka m'njala ya chimanga chachikasu ija, anabwera ndi kawailesi kojambulira mawu.

"Amama, ine filimu ndimayamba kuionera yopanda mawu," anatero. "Ndimaona kayendedwe ka munthu, n'kumupatsa kanyimbo kakekake. Akangotulukira, kanyimbo kalira. Pamaliro sindiliza kanthu, anthu alire okha."

"Nanga woipa mtima umamupatsa kotani?"

"Ameneyo ndiye wandivuta. Ndi mayi wolanda katundu wa amasiye."

Ee! Ndinaseka mpaka duku kugwa. "Mwanawe, tsegula kawailesi kako, undipatsire musi uwo."

Filimuyo inafika Lamulungu lina titatuluka Misa, mu holo ya parishi, jenereta ikubangula kuseri. Alamu anga anakhala patsogolo penipeni, chitenje chatsopano chili phuliphuli. Mayi wolanda uja atangotulukira pa TV, tinamva du... du... Musi wanga! Mwana wanga anauchedwetsa, pamwamba n'kuyalapo kalimba, mawu onse n'kuchotsa. Amayi anayamba kugundana zigongono. Wolanda uja atatulukira kachiwiri, wina kumbuyo anang'ung'udza. Kachitatu, holo yonse: "Akoma kodi, akoma?" Ine nthungululu, lululu! Alamu anaimirira kuti atuluke, koma anthu anadzaza mpaka pakhomo, podutsa panalibe. Anakhalanso pansi, n'kuionera mpaka kumapeto.

Kuyambira pamenepo, alamu akapita kumjigo, anthu muluzu wa kanyimbo kaja. Akawerama m'dimba, a madimba oyandikana ayamba kuimba. Mvula isanagwe anatuma mkulu wina wa mpingo: "Akuti tengani dimba lanu, koma nyimbo ija ithe."

"Dimba ndalandira, bambo," ndinatero. "Koma nyimbo ndiitulutsa bwanji? Ili mu filimu!"

Tomato woyamba ndinasenza dengu lodzaza, ndipo njira yachidule ndinaisiya dala. Ndinadzera pakhomo pa alamu anga, pang'onopang'ono, monga anachedwetsera mwana wanga: du... du...