A Seleman ndi Mipando ya Chikopa

A Seleman anayamba kugulitsa magalimoto ku Laurel, kuno kutsidya la nyanja, mu 2001. Mtundu umene ankagulitsawo anthu ankauseka, amvekere ndi wa anamwino ndi oyendetsa takisi. Sankanama, ogula tinali ife obwera kuchokera kumudzi. Pokagula tinkapita banja lonse, ana, apongozi odzacheza, ndi chisutikesi chopitira kumudzi kuti tione ngati chikwana kumbuyo. Galimoto yolephera kunyamula katundu wa mnzako popita ku bwalo la ndege la Dulles ndi yantchito yanji? Chisutikesicho a Seleman ankachikweza okha, uku akuseka.

Mu 2008 malonda atalowa pansi, akuluakulu a kampani ya magalimotowo anaganiza kuti awapulumutse ndi anthu olemera. Galimoto yomwe ija anaiveka mipando ya chikopa n'kuipatsa dzina lina. Pogulitsira paja anapakapo penti, n'kuikapo makina a khofi. Bwana watsopano anauza a Seleman kuti makasitomala awo amadzaza malo, ana awo amadetsa magalasi, choncho aziwabweza mwaulemu, apo ayi ntchito ithe. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero. Galimotoyo ili mwana wamasiye tinailera ndife, itadzola mafuta ife tasanduka zinyalala.

Loweruka lina kunafika a Ferdinand, dalaivala wa basi wa ku Alexandria, ndi akazi awo ndi ana atatu. A Seleman anawaonera pagalasi, bwana naye ali maso pa a Seleman. Munthu wa ana pasukulu akanatani? Anatuluka n'kukawauzira panja kuti masiku ano pamafunika kupangana tsiku.

"Achimwene, appointment kwa inu?" anafunsa a Ferdinand. "Yoyamba ija simunatigulitse ndinu?"

A Seleman anangoyang'ana pansi. Nkhaniyo inayenda pafoni mpaka kwa anzathu a ku Columbia Heights, ati bambo aja atukumuka, akudziona ngati mzungu. Palibe anafunsa kuti lamulolo linachokera kwa yani.

Olemera ajanso sanabwere. Munthu wachuma sagula chimene dzulo ankachiseka, olo uchipake mafuta onunkhira. Chaka chotsatira malowo anatsekedwa, bwana uja anamusamutsira kwina, ndipo ntchito imene a Seleman anaigula potaya mbiri yawo inathera pomwepo.

Pachikondwerero cha 6 Julaye chaka chimenecho a Seleman anabwera atavala mkanjo wawo woyera, atanyamula bokosi la masamusa a akazi awo. Anthu amene anawaphunzitsa okha kuyendetsa pa chipale chofewa ankangowakwezera dzanja chapatali. Bokosilo anabwerera nalo losatsegula.